Kusoka ndi Ana pa Tchuthi cha Khirisimasi: Nyenyezi, Kalulu wa pa Chala ndi Kathumba ka Mapensulo

Sukulu zikamatsekera kumayambiriro kwa Disembala, kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mvula imakhala itayamba kale. M'mawa ana amathamangira panja, koma dzuwa likangopendeka mitambo yadetsa kumwamba, onse abwerera m'nyumba matope ali thoo kumapazi. Pamenepo ndiye mkangano wolimbirana foni umayamba. Tchuthi chapitachi ndinali ndi adzukulu anayi pakhomo, ndipo chimene chinatikhazika pansi pamodzi ndi chitini chakale cha mabisiketi chodzaza zidutswa za nsalu yotchedwa felt, ulusi ndi singano. Ndikufuna ndikuonetseni, amayi anzanga, mmene timachitira, kuyambira kogula zinthu mpaka mwana atavala Kalulu pa chala.

Chinthu chimodzi ndinene poyambirira: singano igwiridwe ndi mwanayo. Inu ntchito yanu ndi kudula zovuta, kumanga mfundo ndi kuyang'anira. Msoko ukapindika, usiyeni. Mwana amene mwamulanda ntchito kuti muiwongole sabweranso mawa.

Nsalu yake ndi kumene mungaipeze

Felt ndi nsalu yosaluka. Chitenje, chija anzathu kuno amachitcha zambia, chimapangidwa ndi ulusi wopingasana, n'chifukwa chake mukachidula m'mbali mumayamba kutuluka ulusi mpaka mutapinda ndi kusoka. Felt ilibe vuto limenelo. Ndi ubweya wa nkhosa, kapena timaulusi tapulasitiki, topanikizidwa pamodzi mpaka kugwirana. Mukadula nyenyezi, imakhala nyenyezi basi. Simupinda m'mphepete, simutembenuza, simufuna makina. Kwa mwana wongoyamba kumene palibe nsalu ina yomukomera mtima ngati imeneyi.

M'tauni imapezeka m'masitolo ogulitsa nsalu ndi zosokera, komanso m'masitolo ena ogulitsa makope ndi zipangizo za kusukulu. Nthawi zambiri amaigulitsa yodulidwa kale, kukula kwake ngati pepala la A4, yochindikala pafupifupi milimita imodzi. Musanalipire, ikwezeni poyera n'kuika dzanja kuseri. Ngati zala zikuonekera bwinobwino, ndi yopyapyala kwambiri ndipo idzang'ambika pamsoko mwana akakoka ulusi mwamphamvu. Pa ntchito zitatu ndikufotokozezi mapepala asanu ndi limodzi akukwanirani: yachikasu, yofiira, yobiriwira, yotuwa, yakhofi ndi yakuda.

Pali njira inanso imene ine ndimaikonda kuposa yogulayi, chifukwa felt yake imakhala yokhuthala ndi yofewa. Pitani ku Mupedzanhamo ku Mbare, kuja kumagulitsidwa kaunjika amene kuno amati mabhero, mukafune juzi yakale ya ubweya wa nkhosa weniweni. Ngakhale yobooka pachigongono ndi yabwino, ndipo yoteroyo ndiyo yotsika mtengo. Werengani kachikwangwani ka m'khosi kapena kam'mbali: palembedwe 100% wool kapena lambswool. Pakalembedwa acrylic, isiyeni, ngakhale mutaichapa tsiku lonse sigwirana. Yolembedwa kuti imachapidwa pamakina osafupika nayonso isiyeni, ubweya wake anauthira mankhwala oletsa kugwirana. Kachikwangwani kakakhala kuti kanadulidwa, mukafika kunyumba sololani kaulusi kamodzi n'kukatentha ndi machesi, ana ali patali. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umasiya phulusa lofumbutuka mukalitikita. Pulasitiki imasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda.

Juziyo iikeni m'beseni la madzi otentha amene manja angapirire, pakani sopo wambiri, ndipo ikandeni ngati ufa wa mandasi. Tikitani, finyani, tikitaninso, kwa mphindi 20 kapena 30. Kenako iviikeni m'madzi ozizira, n'kubwereranso ku otentha. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo kutentha, sopo ndi kutikita zimachititsa timambato kukolana osamasukanso. Juzi ya munthu wamkulu imafupika mpaka kuoneka ngati ya mwana. Mudziwa kuti yatheka pamene mizere ya kulukidwa kwake yasiya kuoneka, ndipo mukadula kachidutswa m'mbali simukumasuka. Ikakhala isanafike pamenepo, bwerezani. Iyanikeni itagona pansi, ikauma dulani manja ndi misoko, mutsale ndi zipande zathyathyathya. Ntchito yokanda imeneyi ana amaikonda kwambiri, madzi akayamba kuzirala apatseni.

Zina zofunika m'chitini

Ulusi wabwino ndi uja wokongoletsera nsalu za patebulo, umene umabwera wopota timaulusi 6. Dulani kutalika kuyambira pachala mpaka pachigongono cha mwanayo, kenako patulani timaulusi tiwiri kapena titatu. Ulusi wautali kuposa pamenepo umakolana, ndipo mwana amatopa ndi kumasula mfundo asanasoke n'komwe. Singano ikhale yabowo lalikulu kuti azitha kulowetsa yekha ulusi. Mufunanso sizasi yakuthwa, choko kapena kachidutswa ka sopo wouma kojambulira, katoni ya phala la m'mawa yodulirapo mapatani, mapini ochepa, mabatani, ndi thonje la m'pilo yakale. Zidutswa za zitenje kapempheni kwa telala wa m'dera lanu. Zambiri amangosesa n'kutaya.

Za msinkhu, ndaona motere. Mwana wa zaka 4 mpaka 6 mupatseni singano yobuntha, yapulasitiki kapena yosokera juzi, ndipo inu muyambe mwaboola timabowo m'mphepete mwa felt ndi msomali waung'ono kuti iye azingolowetsa. Wa zaka 7 kupita m'tsogolo akhoza kugwira singano yeniyeni inu muli pomwepo. Ngati pakhomo pali khanda kapena mwana wosafika zaka 3, chidole chilichonse chimene angachigwire chisakhale ndi batani kapena mkanda, chifukwa akachiluma zimathothoka ndipo angatsamwe nazo. Maso a chidole choterocho asokeni ndi ulusi. Ndipo singano muziziwerenga poyamba ndi pomaliza. Ife tikatulutsa zinayi, palibe amene amadzuka pamphasa mpaka zinayi zitabwerera pakachigamba kake. Tsiku lina imodzi inasowa, ndipo tinayalula mphasa ndi kusesa chipinda chonse mpaka tinaipeza itabaya pampendero wa diresi la wamng'ono. Kuyambira tsiku limenelo lamulo limeneli silikambirana.

Misoko iwiri yokha

Musanayambe chidole, mwana ayesere pa chidutswa chotsala. Msoko woyamba ndi wolumphalumpha. Singano ilowa pansi, ituluka pamwamba, ilowanso, kusiya mpata wa theka la sentimita. Ine ndimawaimbira kuti "mira, vuuka, mira, vuuka" ngati munthu wosambira padziwe, ndipo amagwira msanga. Jambulani mzere wa madontho ndi choko kuti atsatire.

Wachiwiri ndi uja mumauona m'mphepete mwa mabulangete akale. Gwirizanitsani zidutswa ziwiri. Bayani singano kuchokera kutsogolo kutulukira kumbuyo, theka la sentimita kuchokera m'mphepete. Musanakoke ulusi wonse, pamwamba pamatsala kakhwekhwe. Pitirizani singano mkati mwa kakhwekhweko, ndiyeno kokani pang'onopang'ono. Muona ulusi wagona m'mphepete ngati mpanda. Sunthani pang'ono, bwerezani. Ana amakonda kukoka mwamphamvu mpaka nsalu kuchita makwinya, ndiye auzeni kuti ulusi ugone, usamange. Pomaliza, pitirizani singano kawiri pansi pa msoko womalizawo, n'kuibisa pakati pa nsalu ziwirizo musanadule.

Nyenyezi ya Khirisimasi

Iyi ndiyo yoyambira, imatha masana amodzi. Chovuta chake ndi kujambula nyenyezi ya nsonga zisanu yosapendama, koma pali kanjira kake. Vundikirani kapu pakatoni n'kujambula mozungulira. Tsono bwalolo liganizireni ngati wotchi ya pakhoma. Ikani dontho pa 12 pamwamba, kenako pamene pangakhale mphindi 12, mphindi 24, mphindi 36 ndi mphindi 48. Madontho asanu amenewo atalikirana mofanana. Lumikizani ndi rula, kudumpha dontho limodzi nthawi iliyonse, mpaka mutabwerera pamene munayambira. Dulani, ndiyo patani yanu, ndipo isungeni chifukwa idzagwiranso ntchito chaka chamawa.

Ikani patani pa felt yachikasu, jambulani kawiri, dulani nyenyezi ziwiri. Kukongoletsa kumayamba musanalumikize, nsalu ikadali imodzi, kuti mfundo zonse zibisike mkati. Mwana asokere pakati batani, kapena kabwalo ka chitenje, kapena chilembo choyamba cha dzina lake. Dulani kariboni kapena kachingwe ka masentimita 15, kapindeni pawiri, nsonga zake zilowe pakati pa nyenyezi ziwirizo pansonga ya pamwamba, mugwirize ndi phini. Asoke mozungulira, koma ayambire pamene nsonga ziwiri zakumana, osati pansonga penipeni. Pakatsala mpata wa masentimita atatu aime, alowetse thonje pang'onopang'ono, akulikankhira kunsonga ndi kumbuyo kwa pensulo. Lisadzaze kwambiri, ingotukumuka pang'ono. Atseke mpatawo, yatha.

Mtengo wa Khirisimasi wogula si wofunika. Ife timadula nthambi youma, timaiimika m'chitini cha mchenga chokutidwa ndi chitenje, nyenyezi n'kulendewera pamenepo. Patani yomweyo ikatopetsa, sinthani: mtima, belu, kapena nsomba ya chambo yokhala ndi mamba a zidutswa za chitenje. Chenjezo limodzi lalikulu: magetsi akazima n'kuyatsa kandulo, iikeni kutali ndi nthambiyo. Felt yogula nthawi zambiri ndi pulasitiki, imasungunuka ndi kuyaka, ndipo yosungunukayo ikadontha pakhungu imamatirira.

Kalulu, Kamba ndi anzawo

Apa ndiye pali mtima wanga, ndipo ndifotokoza mofatsa. Bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, monga anachitira ambiri amene anadzagwira ntchito m'mafakitale a Salisbury (Harare wa lero), m'mafamu ndi m'migodi. Ife tinakula tikumva Chichewa pakhomo ndi kutchalitchi. Adzukulu anga amalankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva patalipatali. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mwana samaphunzira chilankhulo m'buku la malamulo, amachiphunzira pamphasa. Ukawauza kuti khalani pansi ndikuphunzitseni, amayasamula. Koma akasoka yekha kalulu n'kumuvala pa chala, amafuna kalulu wakeyo alankhule.

Yambani ndi thupi, limene ndi lofanana kwa nyama zonse. Mwana agoneke chala cholozera pakatoni, inu mujambule mozungulira mukusiya sentimita imodzi mbali zonse, pansi pakhale powongoka. Kwa mwana wa pulayimale zimatuluka pafupifupi masentimita 6 m'litali ndi atatu ndi theka m'lifupi. Musaumire mpatawo. Msoko umadya malo, ndipo chidole chothina chimang'ambika tsiku loyamba. Dulani zidutswa ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo.

Kalulu timupange ndi felt yotuwa, kapena ya juzi ija ngati inali yamtundu woyenera. Makutu ake ndi timasamba tiwiri ta masentimita anayi m'litali ndi imodzi ndi theka m'lifupi. Dulaninso tina tocheperapo tofiirira n'kusokera mkati mwake. Kenako tsinani khutu lililonse m'munsi, kulipinda pawiri, n'kulibaya kawiri ndi ulusi. Kupinda kumeneku ndiko kumaimitsa khutu. Mukapanda kutero limagwa ngati la galu.

Nkhope isokedwe pa chidutswa chakutsogolo chisanalumikizidwe. Diso limapangidwa motere: tulutsani singano pamalo a diso, kulungani ulusi wakuda kawiri pa singanoyo, gwirani ulusi ndi dzanja linalo kuti usafooke, ndipo bayaninso pafupi penipeni ndi pamene munatulukira, osati pabowo lomwelo. Mukakoka pamatsala kamfundo kozungulira. Mwana zikamuvuta, dulani timadontho ta felt yakuda asokere. Mphuno ndi misoko itatu yofupika pamalo amodzi. Ndevu ndi ulusi woyera wopitirizidwa mbali ndi mbali, womangidwa mfundo kuseri. Mano awiri akutsogolo musaiwale, kachidutswa koyera kodulidwa pakati, chifukwa ndiwo amamupatsa nkhope ya uchenjezi ija. Ikani maso moyandikana ndi motsikirako. Maso okwera kwambiri amamukalambitsa.

Tsopano ikani makutu pakati pa zidutswa ziwirizo pamutu, gwirizani ndi phini. Mwana ayambire kusoka pansi mbali imodzi, akwere, azungulire mutu, atsikire mbali inayo. Pansi pasasokedwe, mpolowera chala. Pamakutu agwiritse msoko wolumphalumpha chifukwa wa bulangete sudutsa pamenepo. Poyambira ndi pomalizira abaye katatu pamalo amodzi, popeza mpamene pamakokeka povala ndi povula. Kumbuyo asokere kampira ka thonje, ndiwo mchira.

Mdzukulu wanga wa giredi 3 atamaliza wake anamukweza m'mwamba n'kunena kuti, "Gogo, ndiTsuro uyu!" Ndinamuyankha kuti, "Eya mwana wanga, kuno ndi Tsuro, koma kwa agogo ako ku Dedza dzina lake ndi Kalulu." Anabwereza kangapo, akugwedeza chala, Kalulu, Kalulu. Pofika kwa Kamba tinaseka tonse, chifukwa dzina limenelo ndi limodzi m'zilankhulo ziwirizi, ngakhale ife timatinso Fulu.

Kamba thupi lake ndi lobiriwira, lopanda makutu, maso ang'ono ndi pakamwa pa mzere umodzi. Chigoba ndi bwalo lakhofi la masentimita anayi. Asokerepo tizidutswa ta chitenje kapena angojambula mizere ndi ulusi wachikasu, kenako chigobacho chisokedwe pa chidutswa chakumbuyo, kathonje pang'ono mkati kuti chitumphuke, musanalumikize thupi. Ndiyeno kachinsinsi kanga ndi aka. Fufuzani nsapato yakale ya mwana kapena chikwama chong'ambika chokhala ndi Velcro, chomatira chija cha mbali ziwiri, yokakala ndi yofewa, dulani kachidutswa ka mbali yokakala ija, musokere pakati pa chigoba. Mbali imeneyo imakola felt. Mukumbukira nthano ya chilala, nyama zitakumba chitsime Kalulu atakana kukumba nawo, iye n'kumabwera kudzaba madzi akupusitsa alonda mmodzimmodzi, mpaka Kamba anadzipaka ulimbo pamsana? Pofika pamene Kalulu akumenya Kamba, mwana akagunditsa zidole ziwirizo zimamatiriranadi. Tsiku loyamba wamng'ono anakuwa ndi chimwemwe, ndipo nthano imeneyo tinaibwereza katatu usiku umodzi.

Nyama zina n'zosavuta mukadziwa ziwirizi. Fisi ndi thupi lakhofi la madontho akuda ndi makutu ozungulira. Njovu ndi makutu aakulu olowetsedwa m'mbali ndi chitamba chosokeredwa pankhope. Mkango ndi bwalo lachikasu lochekedwacheka m'mbali, loikidwa kuseri kwa mutu. Mwana aliyense asankhe nyama yake, ndipo isokedwe imodzi patsiku, osathamanga.

Nthano zimakambidwa usiku, monga tinazipezera. Mukatha kudya, zimitsani wailesi ya kanema, tembenuzani mpando n'kuuphimba ndi chitenje kuti zala zizitulukira pamwamba. Magetsi akakhala kulibe, tochi ya foni imakwanira. Inu nenani "Padangokhala," iwo aphunzire kuyankha "Tili tonse." Lankhulani Chichewa, iwo akayankha m'Chishona musawadzudzule, ingobwerezani mawu omwewo m'Chichewa kudzera pakamwa pa Kamba. Pakutha pa sabata mudzamva okha akuti madzi, chitsime, ulimbo, ndisiye.

Kathumba ka mapensulo ka mu Januwale

Khirisimasi ikadutsa, maganizo amatembenukira ku mayunifolomu ndi makope. Kathumba aka n'koyenera ana okulirapo. Dulani felt yokhuthala, makamaka ya juzi ija, masentimita 21 m'lifupi ndi 25 m'litali. Mukakhala ndi yopyapyala yokha, phatikizani ziwiri. Pindani kuchokera pansi masentimita 9. Pamwamba patsala 7, ndicho chivundikiro. Musanasoke, tambasulaninso kuti mwana asokere dzina lake kapena chilembo chodulidwa ku felt ya mtundu wina, ndi batani lalikulu pakati pa thumba kutsogolo. Pindaninso, asoke mbali ziwirizo ndi msoko wa bulangete, misoko yoyandikana kuti nsonga ya pensulo isatulukire. Tsitsani chivundikiro, papasani pamene pali batani, chongani ndi choko, dulani kabowo kocheperako pang'ono kuposa batanilo chifukwa felt imatamuka. Asoke mozungulira kabowoko kuti kasakule. Mapensulo ndi mabolopeni amalowa bwino, koma rula ya masentimita 30 silowa, muuzeni asaikakamize.

Zikada

Zidole za pa chala zimada msanga, zala za ana zimachoka ku mango kupita kwa Kalulu osadutsa kumpopi. Zichapeni ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, kungofinya mofatsa, osatikita ndiponso osapotokola. Madzi otentha amafupikitsa za ubweya mpaka chala osalowanso. Musazisite, simbi yotentha imasungunula felt yogula, ndipo ngati zachita makwinya ingozitsindikani pansi pa mabuku usiku umodzi. Poyanika, zigoneni pathaulo pamthunzi, chifukwa phini la pachingwe limasiya chipsera pakhutu la Kalulu chimene sichichoka.